Bawuti ya M'thumba la Ovololo

Make mapasa sankanyika chovala m'madzi asanapise m'matumba. Mwamuna wake anali makaniko, ndipo m'matumba a makaniko mumatuluka zinthu zocheka zala. Lachitatu m'mawa anapisa m'thumba lapachifuwa la ovololo, natulutsa bawuti yaifupi, yonenepa, yovala kamphete kamkuwa. Inali noninoni ndi oyilo wakuda.

Anaiyang'ana kanthawi. Kenaka anaikulunga m'pepala naiponya m'chikwama.

Mwini ovololoyo anali atagona m'chitokosi. Dzulo lake masana, mkulu wina amene onse ankangomutchula kuti Madala anapezeka atafa m'galimoto yake, m'galaja yotseka. Galimotoyo inali yamakedzana, ya mipando iwiri, yofupika ngati bedi, zija ankazipangira liwiro basi. Kwa zaka naini palibe wina anaigwirapo injini yake koma Makaniko. Choncho apolisi atafunsa kuti waigwira komaliza ndani, a pabanjapo sanachedwe kuyankha.

"Ndawayamwitsa onse awiri," make mapasa anauza mng'ono wake uku akuvala nsapato. "Akadzuka uwakandire nthochi. Wamkuluyo asakupusitse, amalira ngakhale atakhuta."

* * *

Sajeni anali munthu wamimba, wamaso otopa, wokonda nkhani zazifupi.

"Palibe chovuta apa, mayi. Mkamwini wa malemu akuti amuna anuwo analiza injini thwelofu koloko, Madala ali mkati, n'kutseka chitseko kuti fumbi lisalowe, iwo ulendo. Injini yalira mpaka thu koloko. Utsi n'kumutsamwitsa munthu. Mwana wa malemu akuvomereza zomwezo. Lero thu koloko tikupita nawo kukhoti, akachoka uko akadikirira mlandu kundende."

"Kudikira mpaka liti?"

"Alipo ena akudikirabe, ana awo anayamba sukulu."

Anamupatsa mphindi faifi zoti aonane ndi mwamuna wake. Makaniko anabwera atagwira thalauza ndi dzanja limodzi poti lamba anali atamulanda. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo ochepawo ankawatulutsa ngati akuwamasula ndi sipanala.

"Musandifunse za ana, ali bwino," mkazi wake anatero. "Ndiuzeni zimene munachita dzulo. Mwandondomeko."

"Injini ndinailiza eiti koloko. Mphindi teni, kuti oyilo afewe. Ndinazimitsa. Ndinamasula bawuti ya kunsi kuti oyilo wakale atsikire m'beseni."

"Beseni lake liti?"

Makaniko anayang'ana pansi. "Lanu lija."

"Ndalisaka sabata yathunthu. Pitirizani."

"Injini zakale zija suthamanga nazo. Umazisiya zidonthe theka la tsiku, zinyalala zonse zituluke. Ndinamanga chiguduli chofiira pachiwongolero, monga mwa masiku onse. Ndinadzera kunyumba kudzasintha, n'kupita kukasaka sefa ya oyilo. Pobwerera ndinapeza apolisi pageti."

"A Sajeni munawauza zimenezi?"

"Ndinawauza. Akuti mwina ndinabwezera bawuti n'kuthira oyilo watsopano. Ndinati bawuti ili mu ovololo kunyumba. Akuti iwo sasaka mabawuti."

"Injini yopanda oyilo imalira nthawi yaitali bwanji?"

"Ijayo? Mphindi faifi. Ikapirira kwambiri, teni. Zitsulo zimatentha, zimagwirana, basi. Ngati anailizadi ili youma..."

"Nthawi yatha," wapolisi wa pakhomo anatero.

Make mapasa anabwerera mu ofesi, namasula pepala lija pamwamba pa mapepala a Sajeni. Oyilo anayamba kulowerera m'fayilo.

"Ee, mayi! Izi n'zaboma izi!"

"Popanda bawuti iyi, mukathira oyilo pamwamba amatulukira pansi. Injini yopanda oyilo singalire maola awiri."

"Bawuti ndi bawuti. Mumsika zangoti mbwee."

"Ndiye tiyeni mukaone ngati pabowo pake pali ina. Mukaipeza, ine ndibwerera kukachapa, simudzandionanso."

Sajeni anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangopitirira teni koloko. Anayang'ananso banga la oyilo, limene linali litafika pa siginecha yake, nafikira chipewa.

* * *

Galaja inali kumapeto kwa bwalo, patali ndi nyumba, pafupi ndi mpanda wa aneba. Sajeni anatsegula loko wa polisi. Mkatimo munali mwaudongo kuposa m'khitchini zambiri: masipanala atapachikidwa motsatana kukula kwake, kampando kamatabwa pambali pa tayala lakutsogolo, magaloni awiri a oyilo watsopano pashelefu. Galimoto inali yobiriwira, boneti yake yaitali kuposa pokhala anthu.

Make mapasa anayamba ndi magaloni. Zivindikiro zonse ziwiri zinali zosamatula.

Sajeni anayesa kusuzumira kunsi kwa galimoto, koma mimba inakana. Make mapasa anayala katoni, nagona chagada, nakoka beseni lake. Linali litatsala pang'ono kudzaza. Analowetsa mkono, napapasa chitsulo chozizira mpaka chala chinalowa m'bowo.

"Gonani apa, bwana. Mkono wokha ukwana."

"Yunifolomu iyi..."

"Ndidzakuchapirani."

Sajeni anagona, akubuula. Atadzuka, chala chake chinali chakuda. Anachiyang'ana ngati wina wamubwereka.

"Chabwino. Bowo lili pululu. Koma anthu anaimva injini ikulira."

Make mapasa ankayang'ana chiwongolero. Panalibe chiguduli. Anasaka pansi pa mipando, m'ndowa ya zinyalala, kuseri kwa chitseko. Atakweza maso anachiona. Pakhoma lakumbuyo panali kawindo kothyoka galasi pakona, ndipo m'chibowocho munali mutatsindiridwa nsanza yofiira, nsonga zake zikadali zopotana pomwe panali mfundo.

"Musachigwire," Sajeni anatero. Kwa nthawi yoyamba tsikulo anatulutsa kabuku kake asanauzidwe ndi munthu.

* * *

Kukhitchini anapeza mayi wophika wa pakhomopo akusenda anyezi, ndipo misozi yake sinkadziwika kuti njachiyani.

"Ine bwana sindikudziwa kanthu, ine ndi wa m'khitchini, zaka thwelofu pano sindinaswepo ndi kapu yomwe, mufunse aliyense."

"Makaniko anachoka nthawi yanji?"

"Hafu teni. Ndinawatsegulira geti ndine, kiyi amakhala m'khosi mwangamu. Ndinawapatsanso madzi akumwa, osathokoza n'komwe, koma ndi mmene alili, si mwano ayi. Pepani mayi, kodi ndi amuna anu?"

"Anabweranso?"

"Akanalowera pati? Geti sindinatsegulenso mpaka inu apolisi."

"Dzulo simunanene zimenezi," Sajeni anatero.

"Munkalankhula ndi abwana aang'ono, akamwini aja. Ine munangondituma madzi."

Make mapasa anakhala pachitini, natenga mpeni wina, nayamba kusenda nawo. "Madala munawaona komaliza liti, achemwali?"

"Leveni koloko, ndikuwapatsa tiyi. Anali pakampando kawo kaja, akuonerera oyilo akudontha, ngati ena aonerera mpira. Anati akuseka, tamvera nyimbo iyo. Ine ndinati, bambo, tiyi azizira."

"Injini munaimva masana?"

"Ndimve bwanji? Pabalaza anatsegula kanema ngati m'nyumba muno muli ogontha. Thu koloko abwana aang'ono anabwera kuno, akuti, anti, apongozi sanadye, tiyeni tikawaone. Ine ndinadabwa. Chibwerereni pakhomo pano sanafunsepo ngati munthu wadya. Iwo anathamanga patsogolo. Mmene ine ndimafika ndi miyendo yangayi, chitseko chili chotsegula, kuli zii. Akuti, ndazimitsa, ndazimitsa, itanani anthu."

"Utsi unalimo?"

Mayi wophika analeka kusenda. "Fungo linalimo. Koma osati lija la galimoto. Mukudziwa poto ukaiwala pamoto madzi ataphwa? Limene lija. Ndipo powanyamula ine ndinagwira kumutu. Kunkhongo kuno kunali kotupa. Ndinati mwina adzigunda pachitseko cha galimoto." Anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Sindinanene kanthu, bwana. Ntchito ndikuifunabe."

* * *

Aneba anali mphunzitsi wopuma ntchito, wowonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anawalankhula ali kuseri kwa mpanda, osawauza kuti alowe.

"Ndinalemba makalata asanu ndi awiri odandaula za phokoso la galimoto imeneyo. Malemu anayankha imodzi, ndipo munali zolakwika zitatu. Kuyambira pamenepo ndimalemba nthawi iliyonse ikalira."

"Dzulo?"

Aphunzitsi anatsegula kope, nanyowetsa chala. "Eiti koloko, kwa mphindi khumi. Phokoso la masiku onse. Kachiwiri, wani koloko itapitirira ndi mphindi zinayi."

"Osati thwelofu?"

"Ndanena wani koloko, a Sajeni. Mumvetsere."

"Mpaka thu koloko?"

"Mphindi zisanu ndi imodzi. Ndinalembanso kuti phokoso lachilendo. Poyamba inakuwa kwambiri, ngati munthu waponda moto mpaka pansi. Kenaka inayamba kugogoda ngati misomali m'chitini. Pomaliza inalira ngati geti ladzimbiri, n'kuti zii. Sinalirenso. Ndinagona bwino masana amenewo, koyamba chaka chino. Mulungu andikhululukire."

Sajeni anavula chipewa napukuta pamphumi. "Nanga bwanji dzulo simunandiuze?"

"Munafunsa ngati ndinamva injini. Ndinati eya. Funso lachiwiri silinabwere. Ine ndimayankha zimene ndafunsidwa."

Make mapasa anamva mabere akulemera. Anayang'ana dzuwa. Linali pafupi kufika paliwombo.

"Atsala awiri," anatero. "Muwaitanire kugalaja, bwana, osati pabalaza. Pabalaza ndi pawo."

* * *

Mkamwini anabwera atavala shati yoyera yosita bwino, foni ili m'manja. Kumbuyo kwake kunali mkazi wake, mwana yekhayo wa Madala, atavala juzi ya manja aatali ngakhale kunali kotentha.

"A Sajeni, tili pachisoni. Zonse ndinanena dzulo. Ndipo mayi awa ndi ndani?"

"Ochapa," make mapasa anayankha.

"Mungobwereza pang'ono, bwana," Sajeni anatero mofatsa. "Mutatsegula chitseko thu koloko, injini inali ikulira?"

"Inali ikulira. Ndinatseka mphuno, ndinalowa, ndinapotokola kiyi. Ndinene kangati kodi?"

"Tailizeni."

"Chiyani?"

"Kiyi ali pomwepo. Tailizeni timve."

Mkamwini anaseka pang'ono, nawerama, napotokola kiyi. Kunamveka kha, kamodzi. Anayesanso. Kha.

"Batire latha. Si zachilendo."

Make mapasa anayatsa nyali za galimoto, ndipo zinawala mpaka pakhoma. Anazimitsa. Anatsegula boneti mmene ankaonera mwamuna wake akuchitira, nasankha sipanala yaikulu pakhoma, naikoleka pabawuti ya kutsogolo kwa injini, pagudumu lozunguza lamba.

"Injini yamoyo, ngakhale ine ndimaizunguza ndi dzanja limodzi, mwana ali kumsana. Tayesani, bwana Sajeni."

Sajeni anakoka. Anaponda tayala nakokanso ndi manja awiri mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Sipanala sinasunthe.

"Yauma gwa," anatero akupuma mwaphuma. "Injini iyi inafa wani koloko itapitirira ndi mphindi teni, bwana. Inalibe oyilo. Ndiye inu thu koloko munazimitsa chiyani?"

Mkamwini anaika foni m'thumba, naitulutsanso. Sanachite chibwibwi. Anali munthu wozolowera misonkhano.

"Mwina ndinasokoneza. Munthu ukapeza apongozi ako ali choncho, mutu sugwira. Mwina inali itazima kale. Ndiye kuti makaniko atachoka, bambo anailiza okha. Anali okalamba, ankaiwalaiwala."

"Dzulo munati munamuona makaniko akutseka chitseko thwelofu koloko."

"Ndati mutu sunkagwira."

Sajeni anakanda kuchibwano. Make mapasa anaona kuti bamboyo wayamba kuiona nkhaniyo ngati ngozi, ndipo ngozi ikanasiyabe funso pa munthu amene anasiya galimoto yopanda oyilo m'manja mwa nkhalamba. Anatembenukira kwa mwana wa Madala, amene chilowereni anali asanayang'ane munthu kumaso.

"Pepani ndi zovutazi, achemwali. Ndifunse chimodzi chokha. Chiguduli chofiira chikamangidwa pachiwongolero, pakhomo pano chimatanthauza chiyani?"

Mayiyo anayankha ngati mwana wa sukulu. "Osagwira kiyi. Injini ilibe oyilo."

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Bambo. Anayamba ndi iwo zimenezo, amakaniko anachita kutengera. Ndili ndi zaka seveni ndinachimasula kuti ndimangire chidole. Ndi tsiku lokhalo limene anandikwapulapo."

"Akanatha kuiwala?"

"Akanayamba aiwala dzina langa."

"Anti a kukhitchini amachidziwa?"

"Ngakhale pofufuta fumbi sachikhudza."

"Nanga ndani pakhomo pano amene akanachiona ngati kansanza wamba? Woti akufuna chotsekera bowo mwamsanga kuti utsi usatuluke, n'kungotenga chimene chili pafupi?"

Make mapasa analoza kawindo kaja. Mwana wa Madala anakweza maso. Anayang'ana nsanza yofiirayo nthawi yaitali, osaphethira.

"Amayi," Mkamwini anatero mwachifatse, "mwatopa. Tiyeni m'nyumba. Tinali tonse pabalaza kuyambira thwelofu mpaka thu, munanena kale."

Anamugwira pamkono, pamwamba pa chigongono. Mayiyo anadzidzimuka ngati wapsa, ngakhale kuti kugwirako kunali kwapang'onopang'ono. Sajeni anaziona. Make mapasa anali ataziona kale pa juzi.

"Sitinali tonse," mwana wa Madala anatero. Mawu ake anali osanjenjemera, ngati akuwerenga za munthu wina. "Anatuluka cha m'ma hafu thwelofu. Anabwera wani koloko itapitirira, anasamba m'manja, anakweza kanema. Ndinati mutu ukundipweteka. Anakwezanso."

"Amayi!"

"Lamlungu bambo anaona mkono wangawu. Anamuuza kuti pofika Lachisanu akhale atachoka pakhomo pano." Anapinda dzanja la juzi mpaka paphewa, naonetsa Sajeni mikwingwirima, nalitsitsanso. "Dzulo anandiuza zoti ndinene. Ndinanena. Ndinkaganiza kuti ndi ngozi, iye akungoopa kufunsidwa. Koma bambo anga sakanamasula chiguduli chimenecho."

Mkamwini anayang'ana kuchitseko. Mayi wophika anali ataima pamenepo, mpeni wa anyezi ukadali m'manja, ndipo kuseri kwa mpanda kunkaoneka magalasi a Aphunzitsi.

"Ndikufuna loya wanga."

"Mumuimbira tikafika," Sajeni anatero. Anamulanda foniyo mwaulemu, natulutsa yake. "Halo, kuchipatala? Muwauze adokotala asathamangire za utsi. Ayambe aona kunkhongo."

* * *

Kumutulutsa munthu m'chitokosi kunatenga nthawi yaitali kuposa kumulowetsa. Panafunika masiginecha atatu, ndipo mwini siginecha yachitatu anali atapita kukadya. Make mapasa anadikira pabenchi, chikwama atachikumbatira pachifuwa kubisa mabanga awiri a mkaka amene anali atatulukira pabulauzi.

Makaniko anatuluka hafu wani itapitirira kale, atanyamula lamba ndi zingwe za nsapato m'manja.

"Mudzabwera ngati mboni," Sajeni anamuuza. "Mudzawafotokozere akhoti za oyilozi. Koma mudzabwere ndi mayiwa, inu nokha mudzatigoneka tulo."

Panja, Makaniko anakhala pasitepe. Anavala lamba. Anayang'ana msewu ngati wasintha malo.

"Inalira mphindi zingati?"

"Sikisi."

Anagwedeza mutu. "Nanga Madala? Anavutika?"

"Adokotala ndiwo anene. Anti akuti leveni koloko anali akuseka."

Makaniko anatenga chingwe cha nsapato, nayesa kuchilowetsa m'kabowo. Chinaphonya. Anayesanso. Manja amene ankamanga bawuti kuseri kwa injini osayang'ana n'komwe analephera kupeza kabowo ka nsapato, ndipo chingwe chinkangogunda m'mbali. Anthu odutsa anayamba kucheuka.

Make mapasa anaika chikwama pansi, nagwada pasitepe yam'munsi. Anachotsa manja a mwamuna wake nawaika pamaondo. Analowetsa chingwe m'mabowo onse, nsapato yakumanja kenaka yakumanzere, nakoka zolimba, namanga mfundo ziwiriziwiri kuti zisamasuke panjira.

"Dzukani," anatero. "Ana akudikira."